Boti Lakale la ku Area 43

Mzinda wa Lilongwe ulibe nyanja. Uli ndi mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi, ndipo m'menemo simungayende boti la injini. Munthu wofuna nyanja ayenera kutsika ndi msewu wa Salima kufikira ku Senga Bay, ulendo wa makilomita oposa 100. Komabe kuseri kwa mipanda ya nyumba zazikulu za ku Area 43 ndi Area 10 kumapezeka maboti ogona pa ngolo zawo, ena osiyidwa ndi eni ake amene anabwerera kwawo kutsidya la nyanja.

Limodzi la maboti otere linagulidwa ndi mkulu wina wa ku Area 43 amene anali atapuma ntchito ya boma. Linali boti la liwiro, losongoka kutsogolo, lokwana anthu asanu, ndipo kumbuyo kwake kunali injini ya Evinrude. Mtengo wake unali wochepa, tsono mkuluyo anayesa kuti watola chikwama.

Thupi la boti lotere ndi la fibreglass, ndiko kunena nsalu ya ulusi wa galasi youmitsidwa ndi ulimbo. Imeneyi siiwola. Koma m'kati mwa khoma lakumbuyo, pomangirira injini, mumakhala matabwa, ndipo madzi akalowera m'mabowo a mabawuti matabwawo amawola mosaoneka. Mmisiri wa ku Mchesi anagogoda khomalo ndi nyundo, namva likulira ngati mphako ya mtengo. Iye anati, "Bwana, umu mwatsala ufa wokhawokha. Mukadzathamangitsa injini, idzathyoka ndi kumira, inu n'kutsala pakati pa nyanja." Anang'amba khomalo, naika matabwa atsopano, namata nsalu ndi ulimbo, kudikira ziume, ndi kumatanso. Ntchito imeneyi yokha inatenga miyezi iwiri.

Injini ndiyo inavuta koposa. Inali ya mtundu wakale umene umamwa petulo wosakaniza ndi oyilo, muyeso umodzi wa oyilo pa miyeso 50 ya petulo. Owerenga adziwenso kuti kuyambira chaka cha 1982 petulo wa m'dziko lino amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Ameneyu amadya mapaipi akale a mphira, ndipo akakhalitsa m'thanki amakoka madzi. Chifukwa chake mapaipi onse anayenera kusinthidwa, ndi kabureta kutsukidwa kabowo ndi kabowo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mkuluyo anadekhadi.

Koma kudekha sikugula zitsulo. Injini za Evinrude zinaleka kupangidwa m'chaka cha 2020. Mkuluyo anayendayenda m'masitolo a ku Malangalanga kufuna kamphira kakang'ono kamene kamapopa madzi oziziritsa injini, osakapeza. Kamphirako n'kochepa ngati chikhatho cha mwana, koma popanda iko injini imapsa m'mphindi zowerengeka. Anaitanitsa ku Johannesburg. Katundu asanafike, mu November 2023, boma linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100, ndipo zotsala zonse zinakwera mtengo.

Pamenepo akazi awo analankhula. "Bambo, ndalama zanu zopumira ntchito zikuthera m'chiboti chosayenda, chikhalirecho mwana wathu wotsiriza sanamalize sukulu. Kodi tidzadya liwiro?" Mayiwo sanalakwe ayi. Ngakhale sitima ya Chauncy Maples, imene inapangidwa ku Glasgow ndi kuyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1901, anthu a ndalama zambiri anayesa kuikonza ku Monkey Bay kuti ikhale chipatala choyandama, koma ntchitoyo inaima isanathe. Nanga munthu mmodzi wodalira penshoni? Anapangana tsono kuti fizi ya mwana iziyamba kupatulidwa mwezi uliwonse, ndipo boti lizidya zotsala. Pangano limeneli linachedwetsa ntchito chaka chathunthu.

Boti litatha, mkuluyo sanathamangire kunyanja. Anadikira kuti mwera upite, pakuti mphepo imeneyi imaomba m'miyezi yozizira ndi kuutsa mafunde otha kugubuduza boti laling'ono. Anagula majekete oyandamitsa munthu, chingwe, nangula ndi nkhafi ziwiri. Chakumapeto kwa 2024, pamene petulo anasowa m'dziko, anaima pa mizere masiku angapo kuti apeze wokwanira ulendowo.

Ku Senga Bay anatsitsa boti m'mamawa, madzi ali phee. Injini inakana kawiri. Kachitatu inalira, nitulutsa utsi wabuluu ndi kamtsinje ka madzi kosonyeza kuti kamphira kaja kakugwira ntchito. Boti linatukula mphuno, nilunjika ku chilumba cha Namalenje, asodzi a m'mabwato ataleka kupalasa kuti aone. Mmisiri wa ku Mchesi anakhala kumbuyo, dzanja lake lili pa khoma limene anamata, kumvetsera ngati likunjenjemera. Mayi aja anakana kukwera. Anakhala pamchenga pansi pa mtengo, akuwerenga zigubu za petulo zimene zinali zitatha kale.