Chipata cha sukulu chitatsekedwa ku Bethlehem

Tikamva dzina loti Bethlehem maganizo athu amathamangira ku khola, kwa abusa ndi nkhosa zawo, ndi ku nyimbo za usiku wa Khrisimasi. Sitikumbukira kuti mzindawu ulipo mpaka lero, ndipo kuti anyamata ndi asungwana a msinkhu wanu amalawirira m'mamawa, mabuku kukhwapa, chitupa m'manja, kukadutsa pa zipata za asilikali kuti akafike m'kalasi kumeneko. Ife tomwe, zaka zonse zimene tidakhala ku seminale tikuloweza mapu a Dziko Loyera, sitidafunsepo kuti ana a kumeneko amaphunzira bwanji. Tiyeni tifunse sabata ino.

Kuno kwathu tidakula tikumva kuti chuma chili m'nthaka. Nanga munthu amene walandidwa nthakayo, chuma chake achisunge pati? Pa nkhondo ya 1948, pamene dziko la Israel linkakhazikitsidwa, anthu a ku Palestine okwana pafupifupi 700,000 adathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi mwawo. Adasiya nyumba, zitsime ndi minda ya mitengo ya olivi. M'chaka cha 1949 bungwe la United Nations lidakhazikitsa nthambi ya UNRWA yoti iziwasamala, ndipo sukulu zoyamba za ana othawa kwawowa zidali m'matenti. Makolo adazindikira msanga kuti munda ukhoza kulandidwa, nyumba ikhoza kugwetsedwa, koma zimene mwana wasunga m'mutu amadutsa nazo pa chipata chilichonse. Ana a m'matenti aja adakula nakhala aphunzitsi, madokotala ndi akatswiri a zomangamanga ku Kuwait, ku Saudi Arabia ndi ku mayiko ena, ndipo malipiro awo ndiwo ankadyetsa abale otsala m'misasa. Pofika 2023, mwa akuluakulu 100 aliwonse a ku Palestine, oposa 95 ankadziwa kulemba ndi kuwerenga.

Mpingo wathu udaikapo dzanja pa ntchito imeneyi. Papa Paul VI atayendera Dziko Loyera mu 1964, adafuna kuti pakhale chinthu chokhalitsa chothandiza anthu a kumeneko. Mu Okutobala 1973 sukulu ya ukachenjede ya Bethlehem University idatsegulidwa ndi ophunzira 112, pansi pa Abulazala a chipani cha De La Salle. Ena amadabwa akamva kuti pa sukulu ya Chikatolikayi ophunzira ambiri ndi Asilamu, ndiponso kuti asungwana ndiwo ochuluka kuposa anyamata. Ife tikuona kuti pamenepa mpoyenera kunyadirapo.

Koma chimene chatigwira mtima ndi ichi. Mu Okutobala 1987 asilikali a Israel adawombera ndi kupha wophunzira mmodzi pa zionetsero za pa sukulupo, kenaka adalamula kuti sukulu itsekedwe. Patangopita milungu ingapo kudabuka kuukira kwa anthu wamba kotchedwa Intifada, ndipo chipata sichidatsegulidwenso kufikira Okutobala 1990. Zaka zitatu zathunthu! Nayo sukulu ya Birzeit University idatsekedwa kuyambira 1988 mpaka 1992. Taganizani, inu amene mudaonapo sukulu zitatsekedwa miyezi yowerengeka chifukwa cha mliri wa Covid-19, mmene anzathu ena sadabwererenso m'kalasi. Ku Bethlehem aphunzitsi sadapinde manja. Adagawa ophunzira m'timagulu ting'onoting'ono, namakumana nawo m'nyumba za anthu ndi m'zipinda zobwereka, akudziwa bwino lomwe kuti asilikali akawapeza akhoza kumangidwa. Mphunzitsi wa masamu ankalowa m'nyumba ya mnzake mozemba ngati mbala, katundu wake ali choko ndi buku.

N'chifukwa chiyani boma lokhala ndi mfuti lidalimbana ndi zipata za sukulu? Akuluakulu a asilikali ankati sukuluzi ndi zisa za chipolowe. Ife tikuganiza kuti panali china choposa apo. Mtundu umene ana ake akuphunzira mbiri yawo, malamulo ndi zilankhulo za mayiko ena umatha kudziyankhulira wokha, kulemba zimene zikuuchitikira ndi kukadandaula ku makhothi. Mtundu wotero ndi wovuta kuufafaniza.

Tisanamizane, komabe. Digiri sidagwetse khoma lalitali limene lidayamba kumangidwa mu 2002, lomwe Papa Francis adaimapo napemphera, mphumi atatsamiritsa pa simenti, mu Meyi 2014. Ambiri omaliza maphunziro amasowa ntchito, ndipo ena, makamaka Akhristu, amasamukira kunja osabwereranso. Maphunziro awapatsa mawu ndi chakudya, koma ufulu weniweni sunafike. Wonena kuti sukulu payokha idzathetsa kuponderezedwa kwawo akupeputsa mavuto a eni ake.

Ndipo ku Gaza zinthu zidafika poipa kuposa za 1987. Gulu la Hamas litapha anthu pafupifupi 1,200 ku Israel pa 7 Okutobala 2023, nkhondo imene idatsatira idapha anthu zikwi makumimakumi ku Gaza, ana ndi aphunzitsi omwe. Sukulu zonse za ukachenjede za m'deralo zidaphwasulidwa kapena kuonongeka, ndipo ana oposa 600,000 adakhala opanda kalasi. Sukulu zotsala zidasanduka kogona anthu othawa mabomba. Mu 2024 ophunzira a ku Gaza sadalembe mayeso a Tawjihi, amene kwa iwo ali ngati a Fomu 4 kuno kwathu, ndipo zotsatira zake zikatuluka mabanja amagawa maswiti m'misewu. Mu 2025 ambiri mwa ophunzirawo adalemba mayesowo pa intaneti, ena pa foni ya m'manja ali m'tenti, atayenda mtunda kufunafuna poitchajira.