Nyali Yachikasu ndi Chuma cha Amasiye

Achimwene anga atamwalira ku Johannesburg (Allah awachitire chifundo), anasiya mkazi, ana atatu ndi galimoto imodzi yachijeremani ya chaka cha 2007. Inali yaifupi msinkhu, ya masilinda asanu ndi imodzi, yopangidwira liwiro, koma yokalamba. Mlamu wanga atamaliza eda kwathu ku Mangochi, akubanja anagwirizana kuti galimotoyo igulitsidwe, mayiyo alandire gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu monga Sharia inenera, chotsalacho chigawidwe kwa oyenera. Popeza wogula anapezeka ku Chipata ndipo ine ndimaphunzitsa madrasa kuno ku Mchinji, pafupi ndi chipata cha Mwami, udindowo unagwera ine.

Ndikuchokera nayo ku Lilongwe pa msewu wa M12, nditangodutsa pa Namitete, padashibodi panayaka kanyali kachikasu kooneka ngati chithunzi cha injini. Pofika pa Kamwendo kanayamba kuphethira, injini nayo ikunjenjemera ngati munthu wamalungo. Ndinaiyendetsa mwakachetechete mpaka paboma.

M'mawa mwake ndinapita kwa makaniko wina amene mwana wake ndimamuphunzitsa Qur'an. Funso lake loyamba linali lakuti, "A Shehe, imangoyaka kapena imaphethira?" Anandilongosolera kuti ikangoyaka vuto likhoza kudikira pang'ono, koma ikamaphethira ndiye kuti petulo sakupsa mu silinda ina, ndipo kuyendabe kumawononga zida zina.

Kenaka analumikiza kamakina pa soketi ya mabowo 16 imene ili kunsi kwa chiwongolero. Njirayi imatchedwa OBD-II, ndipo ku America inakhala lamulo pa galimoto zatsopano kuyambira 1996. Pakamakinako panatuluka P0302. Chilembo P chimaloza injini ndi magiya, 03 ikunena za kupsa kwa petulo, pamene 02 ndi silinda yachiwiri. "Ndiye tapeza nthenda," ndinatero. Iye anapukusa mutu. Nambalayo, anati, yangotiuza khomo limene kukuchokera kulira. Wolakwa angakhale pulagi, koyilo yopereka moto, kapena kachida kopopera petulo.

Chimene anachita chinandikumbutsa maphunziro a fiqhi ku koleji, kumene ankatiletsa kuweruza tisanayese umboni. Anazula koyilo ya silinda yachiwiri naisinthanitsa ndi ya silinda yachisanu. Atalizanso injini, nambala inasintha n'kukhala P0305. Vuto linatsata koyilo. Sanagule kanthu mongoganizira, ndipo koyilo ina itapezeka ku Lilongwe, injini inayamba kulira mosalala. Ndinati Alhamdulillah, zatha.

Patapita masiku ochepa nyali inayakanso, ulendo uno osaphethira. Nambala inali P0420. Mu ekizozi muli chosefa utsi chotchedwa catalytic converter, ndipo petulo wosapsa akafikamo amachitenthetsa mpaka kuchiwononga. Chathucho chinali chitafooka kale, mtengo wa china unali wosayandikika, ndipo wogula anali kubwera Loweruka.

Makaniko uja ananditsitsira mawu. "A Shehe, ndikhoza kufufuta nambalayi. Nyali izima, ndipo kompyuta imafuna maulendo angapo isanaiyatsenso. Pofika nthawiyo galimoto idzakhala itawoloka."

Ndivomere kuti sindinakane msanga. Usiku umenewo, nditaswali Isha, ndinakhala pamkeka ndikuwerengera. Ndalamazo sizinali zanga. Zinali fizi ya mwana wamkulu, malata a nyumba yosatha ija, ndi mpamba wa mlamu wanga woti ayambire geni ya usipa. Mtima unkandinong'oneza kuti ndikuteteza amasiye, ndipo sindidzanena bodza ngakhale limodzi, ndidzangokhala chete. Shaitani sabwera kwa mphunzitsi ndi mowa m'manja. Amabwera ndi chifukwa chooneka chachifundo.

Koma ndine ndemwe amene ndimaphunzitsa ana nkhani yopezeka mu Sahih Muslim, ya Mtumiki (SAW) amene anapisa dzanja mu mulu wa chakudya pamsika napeza kuti chonyowa chabisidwa pansi, ndipo anadzudzula wogulitsayo kaamba kosachiika poonekera. Ndine ndemwe amene ndinaphunzira za khiyar al-ayb, ufulu wa wogula wobweza katundu akapeza chilema chimene sanauzidwe. Kuzimitsa nyali ija kukanakhala kukwirira chonyowa pansi pa chouma. Ndipo ndikanawadyetsa chiyani ana a achimwene anga? Qur'an imatiopseza za kudya chuma cha amasiye, koma kuwasakanizira haramu m'cholowa chawo nakonso si kuwasamala.

Ndinaimbira mlamu wanga, pakuti sindikanatsitsa mtengo wa chinthu cha eni popanda iwo kudziwa. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Alamu, bambo awo wa anawa ali m'manda. Musawaonjezere katundu."

Loweruka wogula anafika. Ndinaliza injini nyali ikuyaka, ndinamuonetsa koyilo yakale, ndipo makaniko anamuwerengera nambala ija ndi tanthauzo lake. Anazungulira galimoto kawiri, natchula mtengo wotsika kwambiri. Tinakambirana mpaka nthawi ya Asr, ndipo tinagwirizana pa ndalama yochepa kuposa imene akubanja ankayembekeza. Malata a nyumba ija sanakwane chaka chimenecho, ndipo amalume ena mpaka lero amati ndinachita zopusa.

Lolemba lotsatira mwana wa makaniko uja anabwera ku madrasa monga mwa masiku onse, nakhala kutsogolo, natsegula Juzu Amma yake. Ndinatha kumuyang'ana m'maso pomuwongolera mawerengedwe.