M'bandakucha ku Leopards Hill

Anthu amati Lusaka alibe mapiri, ndipo sanama kwenikweni. Mzindawu unamangidwa pamalo athyathyathya, mamita pafupifupi 1,300 pamwamba pa nyanja, kotero kuti kwa ife a ku Kabwata phiri lalikulu ndi Findeco House. Koma munthu akatsata msewu wa Leopards Hill, nasiya Kabulonga ndi Woodlands kumbuyo, amapeza timapiri tondondozana chakum'mawa.

Kumeneko tinapita mu June, tambala woyamba atangolira, pamodzi ndi mphwathu wodziwa za makamera. Chisanu chinali choluma zala. Cha m'ma 06:30 kum'mawa kunafiira ngati makala a pa mbaula, nkhungu ili gone m'zigwa. Dziko lotambalala chotero silikwana pachithunzi chimodzi. Mnyamatayo anaimika kamera pamiyendo yake itatu, najambula zithunzi 7 kuchokera kumanzere, chilichonse chikubwereza mbali ya chinzake kuti zidzalumikizane popanda msoko. Anafulumira ndithu, pakuti kuwala kwa m'mamawa sikudikira munthu.

M'zaka za m'ma 1990 ntchito yotere inkafuna filimu, lumo ndi guluu. Lero kompyuta inalumikiza zonse tiyi wathu asanazizire. Pamenepo tinaona zimene maso anazilumpha: zitsa za mitengo, utsi wa uvuni wa makala, ndi mipanda ya njerwa yokwera m'mbali mwa phiri.

"Amalume, izi ndifufute kuti chikongole," anatero mphwathu.

Tinamlola kuwalitsa mbali zamdima, koma kufufuta tinakana. Chakum'mawa komweku kuli nkhalango ya Forest 27, kumene kumachokera mtsinje wa Chalimbana wothira mu Chongwe. Inatetezedwa mu 1957, koma kuyambira 2017 zigawo zake zinachotsedwa m'chitetezo kuti pamangidwe nyumba. Mitengo ikatha, mvula imangothamanga pamwamba osalowa pansi, ndipo zitsime zimaphwa.

Chithunzi ndi mboni, abale, ndipo mboni siyenera kunama. Tikabisa zitsa lero, adzukulu athu adzadziwa bwanji pamene zinthu zinayambira kulakwika? Chithunzicho tachipachika pabalaza, utsi wake ndi mipanda yake zili momwemo. Alendo amayamba ndi kuyamikira dzuwa, kenaka amafunsa za mitengo.