KU KATETE NAMWINO AFUNAFUNA MATENDA ASANAYAMBE KUPWETEKA

Munthu wocoka ku Chipata ndi mseu wa Great East Road ayenda makilomita oposa 80 asanaone mapiri a Mphangwe ndi tauni ya Katete. Ili ndi dziko la Acewa, la cimanga, nshawa ndi thonje, kumene ngolo za ng'ombe zinyamula mbeu, ndipo nthawi zina odwala omwe.

Pafupi ndi mseuwo pali cipatala ca St Francis, cimene Bambo Francis Trefusis, wansembe wa Anglican amenenso anali dokotala, anaciyamba mu 1948. Lero mipingo ya Anglican ndi Katolika iciyendetsa pamodzi, ndipo pali sukulu ya anamwino.

Anamwino ena a m'cigawo cino ndi ana a m'midzi yomweyi. Anakula akuona amai akupirira matenda a kumimba mwakacetecete cifukwa ca manyazi, nafika ku cipatala madzi atafika kale m'khosi. Namwino wotere sanatsatire malipiro okha. Afuna kuti mai amene anakam'peza mocedwa dzulo, lero am'peze nthawi ikalipo.

Mdani wake wamkulu ndi khansa ya khomo la cibaliro, imene iposa khansa zina zonse pakati pa akazi a m'Zambia. Iyamba ndi kacirombo ka HPV kamene anthu apatsirana pogonana, ndipo imera kwa zaka zambiri osapweteka. Mai amalima, amatunga madzi, osadziwa kanthu. Amene ali ndi HIV ali pangozi yoposa anzao.

Mu 2006 dziko lathu linayamba nchito yopima matendawa ku Lusaka, ndipo pakuti madokotala ndi ocepa, udindowo unapatsidwa kwa anamwino. Kucokera kumeneko nchitoyi inafalikira m'zigawo zonse. Kapimidwe kake nkapafupi. Namwino apaka viniga pa khomo la cibaliro nadikira mphindi imodzi. Malo amene ayamba kuonongeka asanduka oyera. Ngati ndi ocepa, awapha tsiku lomwelo ndi cida cozizira kwambiri kapena cotentha, ndipo mai abwerera kwao. Ngati akula, am'tumiza kwa dokotala.

Koma viniga yekha sakwanira. Namwino wanzeru ayamba ndi moni ndi ulemu. Atseka citseko, afotokoza m'cinenero ca maiyo zimene adzacita, namlola kufunsa. Gogo am'chula gogo, ndipo zimene wamva m'cipindamo sazitulutsa kunja. Adziwa kuti mai mmodzi akanyozedwa, mbiri idzafika pa citsime dzuwa lisanalowe, ndipo anzake khumi sadzabwera.

Ayang'ananso ana. Kuyambira mu 2019 Boma lipereka katemera wa HPV kwa atsikana m'dziko lonse, makamaka m'masukulu, ndipo namwino ndiye ayankha makolo amene akayika. Katemerayu satseka ubereki. Achinjiriza mwana ku khansa ya m'tsogolo.

Cimene namwino sangathe ndi kufika pa khomo lililonse. Mbali yotsalayo ndi ya mabanja. Amai asayembekeze kutaya magazi kapena kumva kuwawa. Apite akali bwino. Abambo nawo atulutse njinga kapena ngolo, ndipo mafumu ndi alangizi anene za nkhaniyi poyera. Tsiku limodzi losiya khasu silingafanane ndi nyumba yotsala yopanda mai.