Galu wathu wa khutu logwa

Anzathu achinyamata, Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ku Mua tinakupezani mutaunjikana pa foni imodzi, mukusilira agalu a m'tauni: German Shepherd, Rottweiler ndi Boerboel wa ku South Africa. Ifenso tinasilira, tisabise.

Koma tinakumbukira mbale wathu wina wa ku Golomoti amene anagulitsa mbuzi nakagula kamwana ka German Shepherd ku Lilongwe. Ubweya wambiriwo sunagwirizane ndi kutentha kwa Okutobala kuno kuchigwa. Nkhupakupa zinakadzadza m'makutu, ndipo sikanaone mvula yoyamba.

Masiku omwewo galu wathu wachikuda, wa khutu limodzi logwa, amene timangomuponyera mkute ndi mitu ya usipa, ankasewera kudimba, kupirikitsa anyani otsika m'phiri. Ku South Africa galu wotereyu amamutcha Africanis, ndipo mu 1998 anakhazikitsa bungwe losunga mtundu wake. Ife sitinamubayitsepo ngakhale katemera wa chiwewe, chonsecho ana athu amasewera naye pakhonde tsiku ndi tsiku. Manyazi atigwira. Alangizi a ziweto akadzalengeza tsiku la katemera, tidzamumanga chingwe n'kupita naye tokha.