Moto uyambe, gasi pambuyo

Kwathu kuno kuumitsa zovala si nkhani yoti munthu n'kugona nayo m'mutu. Ukachapa m'mawa umayanika pachingwe, pa kapinga kapena pampanda, pofika masana wayanula. Ngakhale mu June, chiperoni chikakuta mapiri a ku Thyolo, malaya amachedwa chabe koma amauma. N'chifukwa chake ambirife sitinaonepo makina oumitsira zovala, omwe ku America amawatcha dryer, ndipo zoti ena mwa makinawa amaumitsa ndi moto wa gasi zimamveka ngati nthano. Inenso sindinawakhudzepo ndi dzanja langa, komabe m'kati mwake ndikumudziwa bwino, chifukwa sabata ina fizi yanga ya temu ino inadalira kachipangizo kamodzi ka m'makinawa.

Achemwali anga amakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu. Amagwira ntchito yosamalira okalamba, kawirikawiri usiku, ndipo ndi amene amandilipirira sukulu. Mu January kumeneko kumazizira mpaka madzi kuuma, ndipo mphepo yochokera ku nyanja ya Michigan imabweretsa chipale chofewa chochuluka. Chovala ukachiyanika panja chimangoti gwa ngati chikopa. Yunifolomu ya kuntchito imafunika kuchapa tsiku lililonse, kuwonjezera zovala za mwana wawo wa zaka 6. Choncho makina oumitsira, omwe anagula kwa munthu atagwirapo kale ntchito, ali ngati khasu kwa mlimi.

Tsiku lina makinawo anayamba chinyengo. Mgolo wa zovala unkazungulira bwinobwino, mpweya unkapemerera, koma pakatha ola lathunthu zovala zinkatuluka zozizira ndi zonyowa monga zinalowera. Wokonza makina amene anamuimbira anatchula ndalama yongobwerera kudzaona, osawerengera chipangizo ndi ntchito yake. Achemwali atawonkhetsa anapeza kuti ndalamayo ichoka pa zomwe anasungira kunditumizira sabata yotsatira. Anandiimbira pa WhatsApp.

"Iwe, paja ukuti ukuphunzira zodzaphunzitsa physics? Tiye tione ngati ndalama zanga zikupita pabwino."

Ndinawapempha kuti afufuze pepala la mawaya, limene opanga makina amakonda kulibisa m'kati, kuseri kwa mabatani. Analipeza, analijambula n'kunditumizira. Ndinalikopera m'kope langa mzere ndi mzere, ndipo kwa masiku 2 ndinkalitsata ndi pensulo mpaka linayamba kulankhula.

Makina a gasi amafunabe magetsi, mavolti 120 a m'nyumba za ku America, osati 230 ngati kuno. Magetsiwo amazunguza mgolo ndi kupemerera mpweya, koma kutentha kumachokera ku moto umene umayaka m'chubu chachitsulo pansi pa mgolowo. Choyambitsa motowo ndi kachipangizo kotalika ngati chala, komwe m'masitolo amakatcha igniter. Ife tinkangoti choyatsira. Sichithetheka ngati choyatsira cha mbaula ya gasi ija imalira kuti the the. Chimapangidwa ndi silicon carbide, chinthu chimene Edward Acheson anayamba kupanga mu 1891, chomwe chimapezekanso m'miyala yonolera mipeni. Magetsi akadutsamo chimafiira ngati khala, kutentha kwake n'kupitirira madigiri 1,000.

Chimene chinandigwira mtima si choyatsiracho ayi, koma dongosolo limene makina amatsata asanalole gasi kutuluka. Valavu ya gasi ili ndi zitseko 2 zotsatizana, ndipo zimatsegulidwa ndi makoyilo amene amasanduka maginito magetsi akadutsa. Chitseko choyamba chimatseguka makina akangofuna kutentha, koma chachiwiri chimadikira umboni. Pambali pa chubu pali kachipangizo kokhala ndi kawindo, kotchedwa flame sensor, ndipo m'kati mwake muli bimetallic strip, tizitsulo tiwiri tosiyana tomatana timene timapindika tikamva kutentha. Tonse amene tinadutsa ku sekondale tinatijambulapo.

Koyilo ya chitseko chachiwiri inalumikizidwa mu parallel ndi sensor, koma mu series ndi choyatsira. Sensor ikakhala yozizira imakhala yotseka, ndiye magetsi amasankha njira yosavutayo, amalambalala koyilo n'kupita onse ku choyatsira. Choyatsira chikafiira mokwanira, tizitsulo tija timapindika, njira yachidule imaduka, ndipo magetsi amakakamizika kudzera mu koyilo. Chitseko chimatseguka. Choyatsira chimayamba kuzilala chifukwa tsopano chikulandira magetsi ochepa, koma chimakhala chikadali chotentha moti gasi akangochikhudza amayaka. Kuyambira apo ndi lawi lenilenilo limene limasunga sensor yotseguka.

Tanthauzo lake ndi lakuti choyatsira chikaduka, koyilo ija nayonso siilandira kanthu, ndipo gasi satuluka ngakhale pang'ono. Amene anajambula mawayawa sanayembekeze kuti zipangizo zidzakhala zamuyaya. Anadziwa kuti tsiku lina chinachake chidzafa, ndiye anakonza kuti chikafa, chifere kumbali yotseka. Zovala zinyowe, koma nyumba isadzaze gasi. Ndi nzeru yomweyo imene amayi amaphunzitsa mwana pa mbaula ya gasi yoyatsa ndi machesi, kuti moto uyambe wayaka, kutsegula kubwere pambuyo. Kusiyana kwake n'kwakuti m'makinawa malangizowo anawalukira m'mawaya, kuti asadalire kukumbukira kwa munthu wotopa.

Munthu akamvetsa dongosololi, makina amamuuza okha pamene pakudwala. Choyatsira chikafiira n'kuzima popanda lawi, kaikirani makoyilo. Chikafiira osazima, kaikirani sensor. Chikapanda kufiira n'komwe, okaikiridwa alipo 3, fyuzi yoteteza ku kutentha, sensor, ndi choyatsira chenichenicho.

Tinapangana Lamlungu. Kwawo inali 9 koloko m'mawa, kuno 4 koloko madzulo, pakuti nyengo imeneyo timasiyana maola 7. Ndinagula bandulo yokwanira n'kukhala pamalo pamene netiweki imagwira bwino kuseri kwa hostel. Achemwali anatsikira m'chipinda chapansi, anachotsa chivundikiro cha m'munsi kutsogolo kwa makina, anazimitsa getsi n'kuyatsa makinawo, foni ataimika pa ndowa. Tinadikira mphindi yathunthu. Mgolo unkazungulira, koma m'chubu munali bii.

"Tsopano zulani pulagi, achemwali, kenako mutseke gasi. Chogwirira chikhale chopingasa paipi, osati chotsata paipi."

"Ndatseka. Ukufuna ndikuonetse?"

"Ndionetseni ndithu."

Anali atabwereka multimeter kwa bambo ena a kwathu okhala msewu womwewo. Tinayamba ndi fyuzi, ndipo mita inalira, kusonyeza kuti njira ndi yathunthu. Sensor nayo inalira, monga iyenera kuchitira ikakhala yozizira. Kenako anamasula pulagi ya mawaya 2 ya choyatsira n'kuika nsonga za mita. Choyatsira chabwino chimaonetsa ma ohm angapo, kuyambira makumi mpaka mazana ochepa. Apa panangotuluka zilembo za OL, kutanthauza kuti palibe njira. Atawalitsa ndi tochi tinaona kamng'alu kakang'ono ngati tsitsi, m'mbali mwake muli motuwa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Makina onse aja, aatali kufika m'chiuno, anali ataima chifukwa cha kamng'alu kosakwana ngakhale njere ya mpunga.

Zoyatsira sizifanana. Zina ndi zophwatalala, zina zozungulira, ndipo tizitsulo tozigwira timasiyananso. Choncho achemwali anakopera nambala ya makina yolembedwa pamphuthu ya chitseko n'kuitanitsa chogwirizana nayo. Chinawadya madola 25. Masiku odikirawo ankayanika yunifolomu pamipando pafupi ndi potulukira mpweya wofunditsa nyumba, ndipo usiku wina anapita kuntchito kolala ikadali yachinyezi.

Lachinayi, atangoweruka m'mawa, tinalumikizananso. Ntchito yeniyeniyo inali yaifupi. Anazula pulagi, anatseka gasi, anamasula sikuluu imodzi, n'kusolola chakalecho. Chatsopanocho chinafunika ulemu, chifukwa silicon carbide ndi wolimba ponola mpeni koma amathyoka ngati choko. Chimagwiridwa pa tsinde lake loyera ladothi, osati pamutu wakudawo, ndipo polowetsa m'chubu sichiyenera kugunda chitsulo. Ndinaona dzanja lawo likunjenjemera pang'ono, dzanja lomwelo limene usiku wonse linali likutembenuza odwala pabedi. Anamanga sikuluu mosakanikiza kwambiri n'kubwezeretsa pulagi ya mawaya.

Tisanatseke ndinawapempha chinthu chinanso. Pansi pa mgolo panali pataunjikana ulusi wofewa wochoka ku zovala, ndipo paipi yotulutsira mpweya kunja inali itayamba kutsekeka. Ulusi umenewu umayaka msanga, komanso ukatseka njira makina amatentha mopitirira mpaka fyuzi kupsa. Choopsa china n'chakuti paipi yomweyo ndi imene imatulutsa utsi wa gasi. Ife amene tinamvapo za mabanja ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka tikudziwa zimene carbon monoxide amachita. Anayeretsa monsemo. Sitinamasule polumikizira paipi ya gasi paliponse, komabe atatsegulanso anapaka thovu la sopo m'malumikizomo n'kununkhiza. Gasi wa m'nyumba amamuthira dala fungo longa la mazira ovunda kuti akamatuluka munthu adziwe, ndipo tinali titagwirizana kale kuti akangomva fungolo asakhudze switchi iliyonse, atenge mwana atuluke, akaimbe foni ali panja. Thovu silinafufume, fungo kunalibe.

Anazimitsanso getsi. Ine ndinkawerenga masekondi chamumtima. Mumdima muja munayamba kuoneka kadontho kofiira, kanakula n'kusanduka ngati dzuwa likamalowa, kenako kunamveka kuti kha, ndipo lawi la buluu linathamanga m'chubu. Mphwanga anafuula kumbuyo ngati timu yake yagoletsa.

"Basi, aphunzitsi," anatero achemwali akuseka, "fizi yanu yapulumuka."

Ndalamayo inafikadi sabata yotsatira. Koma chimene ndakhala ndikuchisinkhasinkha kuyambira tsiku limenelo ndi china. Zonse zimene zinafunika kuti timvetse makinawa, series ndi parallel, maginito a magetsi, kufutukuka kwa zitsulo, zili mu silabasi ya MSCE. Ine ndinachita mwayi kuti sukulu imene ndinaphunzira inali ndi labu ndi mphunzitsi amene ankatilola kugwira mawaya. Ana ambiri m'dziko muno amakumana ndi mitu imeneyi pa bolodi pokha. Amaloweza tanthauzo, amakhoza mayeso, koma tochi ikasiya kuyaka amangoigwedeza. Ndipo ndi ana omwewa amene akukula nthawi imene mbaula za gasi ndi ma solar zikulowa m'nyumba zambiri.

Chaka chamawa ndikupita ku teaching practice. Sindidzakhala ndi dryer yoonetsa ana, ndipo siikufunika. M'katoni pansi pa bedi langa ndayamba kusonkhanitsa mababu a tochi, mawaya a wailesi yakufa, ndi ayironi yakale imene ili ndi bimetallic strip m'kati. Ndikufuna tidzalumikize dera la magetsi patebulo, kenako ndidzadule waya umodzi ana atatembenuka. Funso lidzakhala lomwe lija ndinadzifunsa ndikuyang'ana pepala la achemwali: apa pakaduka, n'chiyani chisiye kugwira, nanga n'chiyani chipitirire? Mwana amene angayankhe ndi mita m'manja ndidzamupatsa choko kuti akafotokozere anzake kutsogolo.