Nsungwi yanga inathyokera ku Kawale

Ndili kamtsikana ku Kawale, ngalande ya kuseri kwa nyumba yathu inkasefukira dzinja lililonse. Anzanga ankazungulira kukadzera pakamlatho, koma ine ndinali ndi nsungwi yanga. Ndinkathamanga, kuizika pakati pa madzi, n'kukatera tsidya lina. Tsiku lina inathyoka, ndinagwera m'matope, yunifolomu n'kung'ambika. Agogo anandikalipira kuti, "Mwana wamkazi kumalumphalumpha ngati pusi! Adzakukwatira ndani?" Kuchokera tsikulo sindinalumphenso.

Mwezi wathawu mwana wanga wamkazi wa Sitandade 7 anandionetsa kanema pafoni. Mayi wina anathamanga atanyamula ndodo yaitali, kuizika pansi, ndodo n'kupindika, iye n'kuuluka kudutsa pamwamba pa kamtengo kopingasa. Anali Yelena Isinbayeva wa ku Russia. Poyamba iyeyu ankachita masewera opinda thupi, koma ali ndi zaka 15 anamuuza kuti watalika kwambiri, ndiye anatembenukira ku ndodo. Mu 2005 ku London anakhala mkazi woyamba kulumpha mamita 5, ndipo anapata mendulo zagolide pa Olimpiki ya 2004 ndi ya 2008.

Koma chomwe chinandikhudza ndi cha mu Ogasiti 2009. Pampikisano wa dziko lonse ku Berlin, katswiriyu analephera maulendo onse atatu, n'kuchoka chimanjamanja. Patangopita masiku 11, ku Zurich, analumpha mamita 5.06, kuposa mkazi aliyense m'mbuyomo. Iye atagwa anapatsidwa mpata wina. Ine nditagwa ndinapatsidwa mwambo.

Kanema atatha, mwana uja anati, "Amayi, mundigulire nsungwi." Mawu a agogo anafika pakamwa panga, ndinachita kuwameza. Mantha ndili nawo ndithu, chifukwa mwana akathyoka mkono wogona naye kuchipatala ndine. Komabe Loweruka ndinagula nsungwi yokhwima, ndipo akalipentala oyandikana nafe anatipatsa utuchi wodzadza matumba asanu kuti azigwerapo. Chingwe tachimanga m'munsi, polekeza m'chiuno mwake.

Makolo anzanga a ku Biwi, Chinsapo ndi Mgona, sindikunena kuti mwana aliyense adzafika ku Olimpiki. Ndikungopempha kuti mtsikana akagwa tizimufunsa ngati wavulala, osati za amene adzamukwatire. Wanga wagwa kale kangapo. Mawa akaweruka kusukulu akuti tikweze chingwe.